Paini wa ku Chikangawa akufuna mwini wodikira zaka 25

Aliyense amene wafolera nyumba m'zaka zaposachedwapa akudziwa kuti thabwa la paini lasintha. Ndalama zogulira zakwera, inde, koma n'chiyani sichinakwere? Chimene amisiri akudandaula nacho kwambiri ndi thabwa lenilenilo. Ndi lanthete, lodzaza mfundo, ndipo ukaligula laliwisi n'kulisiya padzuwa limapindika usanalikhomere. Kalipentala wa ku Ndirande kapena ku Mchesi amene kale ankasankha thabwa lotakata lopangira chitseko, lero amalumikiza tizidutswa ndi guluu. Thabwa lotakata limachokera mumtengo waukulu, ndipo paini wamkulu m'Malawi muno watsala wochepa.

Tikamakamba za vutoli timathamangira kutchula moto ndi anthu ocheka mozemba. Zonsezo zilipo. Koma ine ndikuona kuti gwero lake lili pena. Paini amatenga zaka pafupifupi 25 kuti afike pochekedwa matabwa abwino, ndipo kuyambira m'ma 1990 mbali yaikulu ya nkhalango za boma yakhala yopanda munthu amene phindu lake lidalira zimene zidzakhale pamalopo zaka 25 zikubwerazo. Nduna imakhala pa unduna zaka ziwiri kapena zitatu n'kusamutsidwa. Bajeti ndi ya chaka chimodzi. Chiphaso cha wocheka matabwa chimatha akangomaliza chigawo chimene wagula. Onsewa amaganiza bwino lomwe molingana ndi nthawi imene apatsidwa, koma nthawi ya aliyense wa iwo ndi yaifupi kuyerekeza ndi ya mtengowo.

Nkhalango ya Chikangawa, imene m'mabuku a boma imalembedwa kuti Viphya Plantation, ili pamapiri a Viphya m'maboma a Mzimba ndi Nkhata Bay, ndipo malo odzalidwa anafika mahekitala pafupifupi 53,000. Kuyesa kudzala kunayamba m'ma 1950 atsamunda akadalipo, koma ntchito yaikulu inagwiridwa dziko litalandira ufulu mu 1964 mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Mtundu umene unadzalidwa kwambiri ndi Pinus patula, wochokera ku Mexico, umene umakonda malo okwera ndi ozizira, pamodzi ndi ina monga Pinus kesiya ndi Pinus elliottii. Midzi ya ogwira ntchito inamera ku Chikangawa, Mazamba, Nthungwa, Luwawa ndi Lusangazi, ndipo mabanja ambiri a kumpoto analera ana ndi malipiro a ku nazale ndi a kulambula. Cholinga cha zonsezi sichinali matabwa. Boma la Kamuzu Banda linkafuna fakitale yopanga phala la mapepala, ndipo linakhazikitsa kampani ya Vipcor kuti imange fakitaleyo ku Chintheche m'mphepete mwa nyanja. Fakitale sinamangidwe. Ndalama zofunika zinali zambiri, panali mantha oti madzi oipa a m'fakitale awononga nyanja ndi nsomba zake, komanso nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji za ku Beira ndi Nacala m'ma 1980, njira zomwe katunduyo akanadutsa.

Tinatsala ndi nkhalango yaikulu, yodzalidwa m'zaka zoyandikana, yopanda wogula amene inadzalidwira. Izi zinali ndi zotsatira ziwiri zimene ambiri sazitchula. Mtengo wa mapepala sufuna kudulira nthambi kapena kupatulira mosamala ngati wa matabwa, choncho zigawo zambiri zinakula zothinana. Chachiwiri, mitengo yambiri inakhwima nthawi imodzi, cha m'ma 1990 ndi m'ma 2000. Boma linayesa njira zingapo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kunali ntchito yowotcha makala a paini, koma mtunda wopita nawo ku Lilongwe ndi Blantyre unali wautali ndipo amayi sanawakonde chifukwa amanyeka msanga pambaula. Kunabwera fakitale ya pulayiwudi ya Viply pa Chikangawa pomwepo. Macheka a boma a Wood Industries Corporation ankachekanso m'malo ena. Zonsezi pamodzi zinkadya kagawo kochepa ka mitengo imene inalipo.

Kenako inafika nyengo ya kusintha kwa ndale ndi kuchepetsa ogwira ntchito m'boma. Anthu amene ankalambula njira zotchinga moto, kukwera pansanja zoyang'anira utsi ndi kusamalira nazale anachepetsedwa kwambiri, ena anapita kwawo akudandaula za ndalama zawo zopumira. Mathalakitala ndi magalimoto ozimitsira moto anaima osakonzedwa. M'mizinda, mawu akuti "ndi za boma izi" anayamba kutanthauza kuti ndi za aliyense wofika msanga ndi nkhwangwa. Phiri la Ndirande, limene linali lofunda paini, linametedwa m'zaka zochepa chabe kumayambiriro kwa m'ma 1990, ndipo mpaka lero silinabwererenso. Ku Zomba, Dedza ndi Chongoni kuchepa kwake kunali kwapang'onopang'ono, koma njira yake inali yomweyo.

M'ma 2000 ndi m'mene Chikangawa inakhala mgodi. Macheka a injini onyamulika anafika ambirimbiri, anthu anamanga misasa ya zigwagwa m'kati mwa nkhalango, ndipo malole odzaza matabwa ankatuluka usana ndi usiku pamsewu wa M1, ena kulowera kumwera, ambiri kulowera ku chipata cha Songwe popita ku Tanzania, Kenya ndi kupitirira. Ku Mzuzu ndalama zinkayenda. Anthu anamanga nyumba, anagula maminibasi, analipira ana sukulu. Ndikanakhala kuti ndikujambula mzere wosonyeza matabwa amene Malawi ankacheka chaka ndi chaka, apa ndi pamene ukanakwera mochititsa kaso, ndipo munthu wongoona mzerewo akananena kuti ntchito ya matabwa ikukula. Sinkakula ayi. Tinkatapa m'nkhokwe imene ena anadzaza, mpaka tinafika podya ndi mbewu yomwe.

Kudula mitengo ija sikunali kulakwa. Paini wokhwima amayenera kudulidwa. Akapitirira msinkhu amasiya kukula bwino, amagwa ndi mphepo, ndipo moto ukamupeza chuma chonse chimathera mu utsi. Sindigwirizananso ndi amene amaloza chala amalonda obwera kuchokera kum'mawa kwa Africa. Iwo anagula pa mtengo umene ife eni ake tinaika, ndipo kwa zaka zambiri ndalama zimene boma linkalipiritsa pa mtengo woima zinali zochepa kwambiri, osasunthika pamene kwacha inkagwa. Kulakwa kunali pa zinthu ziwiri. Macheka ambiri onyamulikawo anali owononga: mu chipika chimodzi, chimene chinkatuluka ngati thabwa sichinkafika ndi theka lomwe, chotsalacho n'kukhala utuchi ndi zigwagwa zounjikana m'nkhalango, zomwe zinkadyetsa moto wa chaka chotsatira. Popeza mtengo woima unali wotchipa, panalibe chifukwa choti munthu agule macheka abwino. Kulakwa kwachiwiri n'kumene tikulipira lero: malo odulidwa sanadzalidwenso molingana ndi mmene ankadulidwira.

Pamenepa paini amasiyana ndi bulugamu. Bulugamu ukamudula amaphukira pachitsa, ndipo ngakhale mwini wake atagona, pakatha zaka zingapo amapeza milimo ndi mapaso. Paini saphukira. Chitsa chake chimangowola. Nthangala zimene zinagwa pansi zimamera zokha nthawi zina, koma zimamera mothinana, ndipo popanda munthu wopatulira pamatuluka timitengo tatitali toonda tosachekeka. Choncho hekitala iliyonse imene inadulidwa mu 2005 osadzalidwanso ndi hekitala imene sidzapereka thabwa mu 2030, ndipo palibe lamulo, ngongole kapena msonkhano umene ungafupikitse zaka zimenezo. Kusowa kwa matabwa kumene tikukuona lero kunasankhidwa kale, ndipo kwa zaka za m'ma 2050 kukusankhidwa dzinja lino.

Tiyeni tiwerengetsere pang'ono. Nkhalango ya mahekitala 53,000 yodulidwa pa zaka 25 imafuna kuti chaka chilichonse mudulidwe mahekitala pafupifupi 2,100, ndipo ena 2,100 adzalidwe. Ikayendetsedwa choncho, chaka chilichonse mumakhala chigawo cha chaka chimodzi, cha zaka ziwiri, mpaka cha zaka 25, ndipo macheka saima. Pa kadzalidwe kozolowereka kuno, pa hekitala imodzi pamalowa mbande pafupifupi 1,300. Ndiye kuti Chikangawa yonse inkafuna mbande zosakwana 3 miliyoni pachaka. Yerekezani ndi ziwerengero zimene timamva pa mwambo wotsegulira nyengo yodzala mitengo, imene imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo: chaka ndi chaka timalengeza mbande mamiliyoni makumi angapo. Zikanakhala kuti mbande zolengezedwa ndi zimene zimasanduka nkhalango, bwenzi Malawi akugulitsa matabwa ku Africa yonse. Mu 2016 dziko lino linalonjezanso kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo owonongeka pofika 2030. Lonjezolo ndi labwino, koma limawerenga zinthu zambiri pamodzi, ndipo siliuza kalipentala kuti thabwa lake lidzachokera kuti.

Chiwerengero cha mbande chimanyenga chifukwa kudzala ndi ntchito yaing'ono kwambiri pa moyo wa paini. M'zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira, mbande imafuna kupaliridwa kuti udzu usaiphimbe, ndipo pamene yafa pamafunika kubwezerapo ina dzinja lomwelo. Ikakula pang'ono imafuna kudulidwa nthambi za m'munsi, ndipo apa ndi pamene thabwa lopanda mfundo limapangidwira, zaka 20 lisanachekedwe. Kenako kupatulira, kawiri kapena katatu, mpaka pa hekitala patsale mitengo mazana atatu kapena anayi yonenepa. Pamwamba pa zonsezi, chaka chilichonse mvula ikangotha, njira zotchinga moto ziyenera kulambulidwa udzu usanaumiretu, chifukwa kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba mphepo ya pa Viphya sikhululuka. Mtengo wa zaka 20 ungathe kupirira moto wodutsa pansi, koma wa zaka zinayi umapsa wonse. Ntchito zonsezi zilibe mwambo, zilibe wojambula zithunzi, ndipo zimafuna ndalama mwezi wa Meyi ndi Juni, osati Okutobala utsi utayamba kale. Kulambula kwa zaka khumi kumafafanizika ndi chaka chimodzi chimene ndalama zinachedwa.

Moto wa ku Chikangawa sugwa kuchokera kumwamba. Ena amayatsa posaka mbewa ndi nyama, ena pofula njuchi, ena ndi mkwiyo wa malipiro ochedwa kapena wa kukanizidwa chiphaso, ndipo zimamvekanso kuti ena amawotcha dala kuti mitengo yopserera igulitsidwe mwachangu ndi motchipa. Pa zifukwa zonsezi, chimene chimandikhudza n'chakuti mudzi woyandikana nawo ukaona utsi, ulibe chifukwa chothamangira ndi masamba kukazimitsa. Mitengoyo si yawo, ndipo ndalama zake sadzaziona. Boma linatumizapo asilikali kukalondera nkhalango, ndipo lamulo la zankhalango la 1997 linakhwimitsidwa mu 2020 kuti zilango zikule. Sinditsutsa chilango kwa wowotcha dala. Koma msilikali sangapalire mbande, ndipo sangakhale m'nkhalango zaka 25. Mlonda wotsika mtengo kuposa onse ndi mudzi umene ukudziwa kuti chigawo chakutichakuti chikafika pokololedwa, gawo lodziwika la ndalama lidzalowa ku sukulu yawo kapena m'matumba mwawo, ndipo pangano limenelo linalembedwa.

Umboni woti umwini wa nthawi yaitali umagwira ntchito uli pa Chikangawa pomwepo. Boma litagulitsa Viply kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, kampani ya Raiply inapatsidwa chigawo cha mahekitala 20,000 pa mgwirizano wa zaka zambiri. Moto umafikanso kumeneko, ndipo pali mikangano pakati pa kampaniyi ndi ocheka ang'onoang'ono imene yamveka kwa zaka. Komabe woyenda pamsewu wa M1 amaona yekha kumene kuli mitengo ya misinkhu yosiyanasiyana, yodulidwa nthambi, ndi kumene kuli zitsa ndi tchire. Chifukwa chake si ubwino wa mtima. Munthu amene wamanga fakitale yodula sangalole kuti zaka 15 zikubwerazo makina ake adzasowe zipika, ndiye amadzala, amalambula, amalemba alonda. Ku Eswatini zinachitikanso zofanana: fakitale ya mapepala ya Usutu inatsekedwa mu 2010 moto waukulu wa 2008 utawononga nkhalango, koma nkhalangoyo sinasiyidwe, inapeza mwini wina amene anaitembenuzira ku matabwa. Kulephera kwa fakitale ya Chintheche sikunali chiweruzo cha imfa kwa Chikangawa.

Ndikudziwa chimene ambiri ayankhe, ndipo yankho lawo lili ndi mphamvu. Adzati: ndiye mukufuna nkhalango imene makolo athu anadzala ndi manja awo iperekedwe kwa makampani akuluakulu, ife tizingolembedwa ganyu? Ayi. Mabungwe a ocheka matabwa a m'dziko muno anapatsidwapo zigawo zawo, ndipo zotsatira zake sizinakhale zosangalatsa, koma tiyenera kufunsa kuti anapatsidwa chiyani. Kupatsa munthu malo a zitsa n'kumuuza kuti adzale, pamene kubanki chiwongoladzanja chapitirira 25 peresenti pachaka monga zinalili mu 2024, n'kumuuza kuti alephere. Palibe mtengo padziko lapansi umene umakula mofulumira kuposa ngongole yotere. Kampani yaikulu imatha chifukwa imakolola chigawo chokhwima n'kugwiritsa ntchito ndalamazo kudzala china. Mmalawi wocheka matabwa akapatsidwa chigawo, mukhale mitengo ya misinkhu yosiyana kuti azipeza kangachepe podikira, mgwirizano ukhale wautali kuposa moyo wa paini mmodzi, ndipo ukhale woti nduna yatsopano singaufafanize ndi kalata imodzi. Akalephera kudzala monga analonjezera, alandidwe poyera, mayina ndi ziwerengero zili m'nyuzipepala.

Dziko la Uganda linapeza njira ina yothetsera vuto la ndalama zoyambira, ndipo ndikanakonda aphungu athu ataiphunzira. Kuyambira 2004, ndondomeko yotchedwa Sawlog Production Grant Scheme, yothandizidwa ndi European Union, inkabwezera alimi a mitengo gawo la ndalama zimene awononga podzala. Chinsinsi chake chinali pa nthawi yolipira. Ndalama sizinkaperekedwa munthu asanadzale. Ankadzala ndi zake, akatswiri ankabwera kudzayendera mundawo, ndipo akapeza kuti mbewu ndi yabwino, mbande zapulumuka ndipo papaliridwa, m'pamene ankalipira, pang'onopang'ono m'zaka zoyambirira. Wongofuna kudya ndalama za pulojekiti sankapezapo kanthu. Ife tili ndi zida zochitira zimenezi: bungwe lofufuza za nkhalango la FRIM ku Zomba likhoza kuyang'anira ubwino wa mbewu, ndipo koleji ya zankhalango ku Dedza ndi yunivesite ya Mzuzu zimatulutsa achinyamata odziwa ntchitoyi amene ambiri akusowa pogwira.

Kungowoloka Songwe kuli phunziro lina. Kumapiri a kumwera kwa Tanzania, ku Njombe, Makete ndi Mufindi, boma lili ndi nkhalango yake yaikulu ya Sao Hill, koma malo ambiri odzalidwa paini kumeneko tsopano ndi a alimi wamba, aphunzitsi, matchalitchi ndi anthu a m'tauni amene anagula malo kumudzi. Anadzala chifukwa anaona mnzawo atagulitsa munda wa mitengo n'kumanga nyumba. Ali ndi vuto lawo: ambiri amadula msanga, mtengo usanakhwime, chifukwa cha fizi ndi matenda, ndipo thabwa limatuluka lanthete. Koma msika wawo wa matabwa sudalira bajeti ya unduna. Kuno kwathu malo ndi ochepa, ndipo banja lokhala ndi munda wosakwana hekitala ku Chiradzulu silingauzidwe kuti lisiye chimanga lidzale paini. Koma ku Mzimba, Rumphi, Misuku, Ntchisi, Dedza, Ntcheu ndi kumapiri a Neno kuli zitunda zozizira zimene chimanga sichichita bwino, ndipo ena ayamba kale kudzala. Chimene anthuwa akufuna kwa boma si mbande zaulere. Akufuna mbewu yodalirika, chitsimikizo chakuti malowo ndi awo mpaka mitengo idzakule, zomwe lamulo la malo a mafumu la 2016 limalola kudzera mu kulembetsa, ndi njira yosavuta yotengera chilolezo chonyamulira matabwa a m'munda mwawo. Mlimi akaona mnzake akuvutitsidwa pa rodibuloko ndi matabwa a mitengo imene anadzala yekha, sadzala.

Palinso ena amene sakonda paini n'komwe. Amati ndi mtengo wachilendo, umamwa madzi ambiri, pansi pake sipamera kanthu, ndipo umafalikira kumene sukufunika. Pa malo ena akunena zoona. Pa phiri la Mulanje paini wa ku Chambe anafalikira m'malo a zomera zachilengedwe ndipo anayenera kuchotsedwa, chimodzimodzinso wa ku Chelinda pa Nyika. M'mphepete mwa mitsinje ndi m'madambo paini asadzalidwe. Koma tisaiwale chimene paini amatchinjiriza. Tili ndi mtengo wathuwathu wa gulu lomweli, mkungudza wa ku Mulanje, umene unalengezedwa kukhala mtengo wa dziko lino mu 1984. Thabwa lake ndi lonunkhira, chiswe sichilidya, ndipo chifukwa cha ubwino womwewo unadulidwa mpaka kafukufuku wa 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha pa phiri lonselo. Nsabwe za mitengo zimene zinaonekera koyamba m'Malawi mu 1986 zinaufooketsa pamodzi ndi saipulesi, koma chimene chinaumaliza ndi macheka. Mbawa ndi mlombwa zikutsata njira yomweyo, ndipo izo zimatenga zaka zochuluka kwambiri kuposa paini kuti zikule. Anthu sasiya kumanga chifukwa paini wasowa. Amalowa m'nkhalango zachilengedwe. Wokonda mbawa ayenera kukhala woyamba kufuna kuti Chikangawa idzalidwe.

Ndipo ofuna matabwa akuchulukirachulukira. Pamene nkhalangoyi inkadzalidwa, kalembera wa 1966 anapeza anthu 4 miliyoni. Mu 1998 tinali 9.9 miliyoni, mu 2008 tinali 13.1 miliyoni, ndipo mu 2018 tinapitirira 17.5 miliyoni. Banja lililonse limene likusiya udzu n'kufolera malata likufuna matabwa. Ana amene akukhala pansi m'makalasi akufuna madesiki. Nyumba zimene namondwe Freddy anagumula mu Malichi 2023 zikufuna denga, zitseko ndi mafelemu. Ngakhale tsiku lomaliza la munthu limafuna thabwa, ndipo amene anagulako bokosi posachedwapa akudziwa mmene zilili. Tikasowa paini wathu, chotsala ndi kugula kunja kapena kufolera ndi zitsulo, ndipo zonsezo zimafuna ndalama zakunja zimene dziko lino lilibe; kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chifukwa cha kusowa komweko. Timakamba kwambiri za kupeza zinthu zatsopano zogulitsa kunja fodya akamafooka. Paini tinali naye kale, nthaka ndi mvula ya pa Viphya zinatsimikizira kuti amakula bwino, ndipo ogula anabwera okha mpaka pakhomo.

Anzathu a ku Zambia anaika nkhalango zawo za ku Copperbelt m'manja mwa kampani ya ZAFFICO, imene inalowa pa msika wa masheya wa Lusaka mu 2020. Nawonso akulimbana ndi mpata wa zaka zimene sanadzale mokwanira, koma kampani yokhala pa msika wa masheya imakakamizika kufalitsa chaka ndi chaka zimene yadula ndi zimene yadzala. Ife sitiyenera kutengera zonse, koma kuulula kotereku tikukufuna. Lamulo lathu la 1997 linakhazikitsa thumba la ndalama zotukulira nkhalango. Ndalama za mtengo uliwonse wa paini wa boma wogulitsidwa ziyenera kuyamba zalipira kudzala ndi kusamalira hekitala imene mtengowo wachokera, zotsala n'kumapita kwina. Mitengo yoima izigulitsidwa pa okushoni, poyera, kuti wopereka zambiri apambane, chifukwa wogula modula ndi amene amasamala chipika chilichonse n'kugula macheka osataya.

Pempho langa loyamba silifuna ndalama zambiri. Nyengo yodzala isanatsegulidwe pa 15 Disembala, dipatimenti ya zankhalango ifalitse tebulo la tsamba limodzi la nkhalango iliyonse ya paini ya boma, kuyambira Viphya, Zomba, Dedza mpaka Chongoni: mahekitala angati ali ndi mitengo yosakwana zaka zisanu, angati a zaka 5 mpaka 15, angati opitirira 15, angati anapsa chaka chatha, angati ali zitsa zokhazokha, ndipo chigawo chilichonse chili m'manja mwa ndani mpaka chaka chanji. Zithunzi za setilaiti zilipo zaulere, ndipo ogwira ntchito m'masiteshoni amazidziwa zigawo zawo pamtima. Komiti ya nyumba ya malamulo yoona zachilengedwe iitanitse tebulo limenelo chaka chilichonse pokambirana bajeti, ndipo ifunse ngati ndalama zolambulira zinafika ku Nthungwa ndi Mazamba mwezi wa Meyi usanathe.